Ndinapita Kukapha Nguluwe ndi Namba Naini

Mpaka lero, ndikamapita kumudzi kwa mkazi wanga kufupi ndi Madzimoyo, ndimatsika minibasi patsogolo pang'ono n'kulowera kanjira ka kuseri kwa tchalitchi. Njira yaikulu imadutsa pachitsime, ndipo amayi a pachitsimepo saiwala kanthu. Nkhani yake ndikuuzani, koma mukamaseka muzikumbukira kuti nanenso ndine bambo wa mwana wa munthu.

Ine ndimagwira ntchito ku Mwami, mu ofesi ina yothandiza a malole kudutsitsa katundu pachipata cha m'malire a dziko. Zida zanga ndi cholembera ndi chidindo. Nthawi imeneyo ndinali nditakwatira Veronika, tili ndi khanda lathu Dalitso, koma mayi ndi mwana anali kumudzi, ine ndikugona ndekha m'kanyumba ka lendi ku Nabvutika, m'tawuni. Kwa Achewa mkazi sumangomunyamula ngati thumba la feteleza. Umapempha chitengwa, eni mbumba akavomera m'pamene umapita naye kwanu. Ine ndinapempha, ndinapemphanso, yankho n'kumangokhala lakuti "tamva". (Amene munakwatira kumudzi mukudziwa kuti "tamva" ameneyu amatha chaka.) Ndinatopa nako kudziphikira mazira, ndipo mwana wanga ankalira ndikamunyamula chifukwa ankandiona ngati mlendo. Zimenezo zinkandiwawa kwambiri.

Mwini mbumba anali a Sakala, malume ake a Veronika. Bambo amenewa sankadana nane, koma ankandiyeza ndi manja. Tikapatsana moni ankagwira dzanja langa nthawi yaitali, n'kulitembenuza, n'kupukusa mutu.

"Manja a chidindo awa," ankatero. "Mwana wathu tikampereka, njala ikadzafika kutawuniko adzadya mapepala?"

Apongozi anga aakazi, amayi ake a Veronika, anali amasiye. Iwo ndi ine sitinkayang'anizana, monga mwa mwambo wa kumeneko. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira mbali ina, ine mbali ina, moni n'kupatsana chonjuta, nkhope zili kumbali. Mawu awo ndinkawadziwa bwino kuposa nkhope yawo.

Loweruka lina, chimanga chitayamba kukhwima, ndinapeza mudzi uli ndi nkhani imodzi: nguluwe. Inali yamphongo, yoyenda yokha, ndipo inkatsika m'phiri kukamacha n'kulowa m'munda wa apongozi, womwe unali kumapeto kwenikweni. Anayesa kumangirira zitini, anayesa kusonkha moto, koma iyo inazolowera. Kuboma anakanena, ndipo anauzidwa kuti ngati pali wina wa mfuti yokhala ndi mapepala a chilolezo, ateteze mundawo. A Sakala akufotokoza zimenezi pakhonde, ine ndinamva pakamwa panga pakulankhula ndisanapatume.

"Malume, mfuti ine ndili nayo."

Mfutiyo ndinalidi nayo, ya mpope umodzi, yosiya malemu atate anga, ndipo mapepala ake anali bwinobwino. (Pa mapepala pokha, palibe angandiphunzitse.) Chimene sindinanene n'chakuti ndinaiwomba kamodzi kokha moyo wanga wonse, ndipo ndinkawombera chulu.

"Munayamba mwaphapo nyama, akamwini?" anafunsa a Sakala.

"Ife Angoni timabadwa nazo zimenezo, malume."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chabwino. Nguluwe imeneyo ikagwa, nkhani yanu ija tidzaikhalira pansi."

Madzulo ake Veronika anandikokera kuseri kwa nyumba. "Bambo ake Dalitso, inu nkhuku imene mumapempha aneba kuti akuzingireni. Nguluwe mwaiona kuti?"

Ndinamuuza kuti ayambe kumanga katundu wake, zotsalazo asiyire amuna.

Lolemba ndinapempha kutuluka msanga kuntchito, ndinakalowa m'sitolo ina m'tawuni momwe amagulitsa zipolopolo kwa anthu a mapepala. Wogulitsa anali bambo wofatsa, wa magalasi. Pambali panaima mlimi wina wa chipewa chachikulu, wooneka kuti mfuti anayamba kuigwira ine ndisanabadwe. Ndinaponya mapepala anga pakauntala ngati munthu wozolowera.

"Ndipatseni zipolopolo."

"Namba yanji, bwana?"

Namba? Ine sindinkadziwa kuti zipolopolo zili ndi manamba. Ndinkayesa chipolopolo n'chipolopolo basi. Koma wa chipewa uja anali atatembenuka kundiyang'ana, ndiye mutu wanga unayamba kugwira ntchito mwachangu. Nsapato ya namba naini ndi yaikulu kuposa ya namba folo. Msomali wa sikisi ndi waukulu kuposa wa thuu. Nanga chipolopolo chingasiyane bwanji?

"Yaikulu kwambiri," ndinatero.

"Yaikulu namba, kapena..."

"Namba."

"Tili ndi naini."

"Teni palibe?"

Wa chipewa anatsokomola. Wogulitsa anavula magalasi n'kuwapukuta. "Bwana, mukukawombera chiyani? Mukandiuza ndikuthandizani bwino."

Apa Mulungu ananditsegulira khomo, ine ndinalitseka ndi mwendo. Ndinaopa kuti ndikatchula nguluwe andifunsa mafunso ena, ndipo zidziwika kuti ndine mlenje wa chulu. Ndinayankha kuti zimenezo n'zanga. Bamboyo, mtima wake wabwino, anatsitsabe kabokosi kena n'kunena kuti ngati ndi nyama yaikulu, ambiri amatenga kameneko. Ndinakatembenuza, ndinaona zilembo zokhazokha.

"Izi zilibe ndi namba yomwe," ndinatero, ndikukabweza. "Ndipatseni naini."

Anandipatsa. Pabokosi lake panali chithunzi cha mbalame ikuuluka, ndipo ine ndinati ndi chizindikiro cha kampani. Ndinatuluka pachifuwa patatukuka, ndikumumvera chisoni wa chipewa uja, amene ndinamumva akuitanitsa namba folo.

Lachisanu ndinakagona kumudzi. M'mawa kusanayere bwino ndinavala thalauzi yanga ya kaki, ndinadzaza zipolopolo m'thumba, ndinanyamuka. A Sakala anati andiperekeze, ine ndinakana, ndinati nyama imamva fungo la anthu ambiri. (Zoona zake, sindinkafuna mboni pa nthawi yofufuza polowetsera chipolopolo.) Kumapeto kwa munda kunali chulu, pambali pake mtengo wa mango. Ndinabisala kuseri kwa chulucho, mame akundinyowetsa maondo, ndikuganiza mawu amene ndikanene kumudzi ndikamalowa ndi nyama.

Kutangoyera ndinamva mapesi akuthyoka. Kenako kufwenthera. Kenako inatulukira.

Abale, ine m'mutu mwanga nguluwe inali nkhumba ya kumudzi yomwe yangosochera kutchire. Ichi chinali chinthu china. Ubweya wofiirira, msana wa tsitsi loyera loimirira, mutu wautali, mapewa ngati a munthu wonyamula matumba kumsika. Inkayenda mosapupuluma, ngati mundawo inalima yokha. Inagwetsa phesi ndi mphuno, n'kuyamba kukukuta chimanga, itandipatsa mbuyo.

Ndinadzutsa mfuti. Mpope unkavina, ndiye ndinautsamiritsa pachulu. Ndinatsinzina diso limodzi, linzake linatsinzinanso lokha, ndipo ndinakoka.

Phuu!

Mfuti inandimenya paphewa mpaka ndinakhala pansi. Mbalame zinabalalika m'phiri monse. Nditadzuka ndinayang'ana pamene payenera kugona nyama yanga, ndipo ndikunenetsa pamaso pa Mulungu kuti sindinaphonye. Fumbi linali likufukabe pathako pake. Koma nguluwe inali chiimire. Inadumpha kamodzi, inadzizunguza, inatembenuka, n'kundiyang'ana ndi timaso take tating'ono. Sinkaoneka ngati yavulala. Inkaoneka ngati yanyozedwa.

Mfuti ya mpope umodzi ukawomba umayenera kuithyola pakati, kuchotsa chotsalira, kulowetsa chipolopolo china. Zimenezi ndinayeserera bwino ku Nabvutika nditakhala pabedi. Kumunda kuja zala zanga zinakana kundidziwa. Nguluwe itaweramitsa mutu n'kuyamba kubwera, Ungoni wanga wonse unatuluka m'thupi. Ndinataya mfuti, ndinalumphira mtengo wa mango, ndipo mpaka pano sindidziwa kuti nthambi yoyamba ndinaifikira bwanji. Chimene ndikukumbukira ndi phokoso lakuti kwee! Chitsa cha nthambi chinakola thalauzi yanga n'kuing'amba kuyambira palamba kumbuyo mpaka kuseri kwa bondo. Nsapato imodzi inatsala pansi.

Nguluwe inagunda mtengo, inauzungulira, inatafuna lamba wa mfuti, inanunkhiza nsapato yanga n'kuisiya. (Ngakhale nsapatoyo inainyoza.) Kenako ukali wake inakauthera pachimanga. Inathamanga m'mundamo uku ndi uku, mapesi akugwa mizere yathunthu. Itatopa inabwerera pafupi ndi mtengo n'kuyamba kudya mwaufulu, ine mlonda ndili pamwamba ndikuonerera.

Mitengo ya mango ili ndi eni ake, nyerere zofiira zija, ndipo zinapeza khomo la thalauzi lili lotsegula. Ndikudzikanda ndi dzanja limodzi, ndinamva m'thumba muli tinthu toyenderera. Chipolopolo chimodzi chinali chitaphwanyika pokwera paja. Ndinatulutsa zimene zinali m'katimo n'kuziyang'ana pachikhatho: tinjere tamtovu tating'onoting'ono, ngati mbewu za mpiru. M'pamene ndinakumbukira mbalame ya pabokosi ija, ndi kutsokomola kwa wa chipewa. Pa zipolopolo za mfuti yotere namba ikamakwera tinjere timachepa. Naini ndi wa njiwa. Za nguluwe ndi zija za zilembo zokhazokha, za njere zikuluzikulu ngati nandolo, zimene ndinabweza ndi dzanja langali. Ine ndinali nditapita kukathira nguluwe mchenga pathako.

Chifukwa cha mkwiyo ndinayamba kuigenda ndi zipolopolo zotsalazo, chimodzichimodzi. China chinaimenya pakhutu, ndipo ndikukhulupirira kuti chimenecho chinaiwawa kuposa chowomba chija. Kukuwa sindikanatha. Mudzi wonse unamva kulira kwa mfuti, ndipo ndinkadziwa kuti amayi ayamba kale kutsuka miphika. Ndikanakuwa, onsewo akanabwera.

Dzuwa litakwera, nguluwe inakhuta, inanyamuka pang'onopang'ono kulowera kuphiri. Ndinayamba kutsika, koma ndinamva mawu a amayi akudutsa panjira ya kudimba, ndinabwereranso m'mwamba. Munthu wamkulu sungayende pagulu mbuyo yonse ili pamtunda. Ndinaganiza zodikira Veronika, poti ndinkadziwa kuti akaona ndachedwa abwera. Ndipo patapita nthawi ndinamvadi mapazi a munthu mmodzi m'mundamo. Ndinasuzumira m'masamba.

Anali apongozi.

Anabwera ndi dengu, mwina loti anyamulire matumbo. Atafika pamene chimanga chinagwa anaima. Anaima nthawi yaitali, dengu lili m'manja, akuyang'ana mizere yogona pansi ija. Kenako anawerama n'kuyamba kutola zitsononkho zolumidwa theka, kuzipukuta dothi ndi chitenje, kuziika m'dengu. Apa kuseka kulibe. Mayi ameneyu munda umenewu analima yekha ndi khasu, ndipo chimene nguluwe ikanadya sabata yathunthu, ine ndinaithandiza kuchiwononga m'mawa umodzi. Ndinachita manyazi osaneneka, ndinaiwala ndi nyerere zomwe.

Akutola choncho anafika pamfuti. Anaiyang'ana. Anaona nsapato. Anaona zipolopolo zili mbwee kuzungulira mtengo. Kenako anakweza maso, ndipo chimene anaona sindichilemba. Anatembenuka mwachangu kuposa nguluwe ija, anakhala pansi, nkhope kuphiri.

Kenako ndinamva mawu awo, ofatsa monga mwa masiku onse.

"Kodi kumtengoko kuli anthu?"

"Aliko, amayi."

"Adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino, kaya amayi?"

"Tadzuka. Sanavulale?"

"Sanavulale, amayi."

"Nanga bwanji sakutsika? Chilombo chapita kale."

"Thalauzi yawo, amayi, yakumana ndi vuto."

Mapewa awo anagwedezeka pang'ono. Kaya ankalira chimanga, kaya ankaseka, sindinafunse ndipo sindidzafunsa. Anaimirira, nkhope ikadali kuphiri, anamasula chitenje chapamwamba, anachikoleka paphesi, ananyamula dengu.

"Akatsika apeza nsalu apa. Asadzere kudimba, kuli anthu."

Ndinatsika, ndinamanga chitenjecho m'chiuno. Tsoka lake, sichinali chitenje wamba. Chinali cha amayi a kutchalitchi, cha buluu chokhala ndi zithunzi za oyera mtima, ndipo pakona panali dzina la apongozi lolembedwa ndi ulusi wofiira kuti chisasokonezeke pamisonkhano. Poti kudimba anandiletsa, ndinadzera njira yaikulu. Ndinaiwala kuti njira yaikulu imadutsa pachitsime.

Tangoganizani: mwamuna wa ntchito ya ku Mwami, mfuti yopanda lamba paphewa, chitenje cha apongozi ake m'chiuno, akuyenda motsimphina chifukwa nyerere zina sizinatsike. Amayi a pachitsime anasiya kutunga. Wina anayamba nthungululu, anzake n'kulandira.

"Alenje afika! Nyama ikubwera pangolo, eti?"

"Anzathu, Lachinayi musajombe kumsonkhano wa amayi, yunifolomu muli nayo kale!"

Ndinawapatsa moni mwaulemu ngati palibe chachilendo, chifukwa ndinasowa chochita china. Kunyumba Veronika atandiona anatseka pakamwa ndi dzanja, anayesetsa ndithu, koma zinamukanika. Anaseka mpaka anakhala pansi, Dalitso kumbuyo n'kuyamba kulira. A Sakala anatuluka ndi mpeni umene anali atanola m'mawa wonse. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuchitenje, anabweza mpeniwo m'thumba.

Masana, nditabwereka thalauzi ya mlamu wanga yomwe inkalekezera m'akakolo, a Sakala anandiitana pakhonde. Ndinakhala pansi mutu uli woweramitsa. Apongozi anakhala chapatali pafupi ndi nkhokwe, atapatsa bwalo mbali, akusenda chimanga chopulumuka chija. Ndinafotokoza zonse, za namba naini, za tinjere, za bokosi limene ndinakana. Palibe chimene ndinabisa, poti chobisa chinali chitaoneka kale.

"Akamwini," anatero a Sakala, "ine ndinati nguluwe ikagwa. Chagwa ndi chimanga. Ndiye nkhani yanu ija..."

M'maganizo ndinaona kanyumba ka ku Nabvutika, bedi limodzi, ndi mwana akukula osandidziwa.

"Achimwene, ndilankhuleko," anatero apongozi, osatembenuka.

"Lankhulani, alongo."

"Munthuyu mfuti saidziwa. Zimenezo ndaona ndi maso anga, ndaonanso zina zimene sindinapemphe." Wina kuseri kwa nyumba anasekera pansipansi. "Koma anadzuka m'mamawa kukaima kutsogolo kwa chilombo chifukwa akufuna mkazi wake ndi mwana wake. Mupatseni azipita nawo."

A Sakala anadabwa. "Alongo, chimanga chanu chija?"

"N'chifukwa chake ndikutero. Veronika akakhala kuno, bamboyu azibwera Loweruka lililonse kudzatithandiza. Munda ndili nawo umodzi."

Pakhonde ponse anagwa nako kuseka, a Sakala mpaka misozi. Ine ndinawomba m'manja kuthokoza, nkhope ili pansi, ndipo m'maso mwanga munalinso misozi, koma ya mtundu wina.

Mwezi usanathe Veronika ndi Dalitso anali ku Nabvutika. Chaka chimenecho ufa wa apongozi unkachokera kunyumba kwanga, ndipo sindinadandaule ngakhale tsiku limodzi. Nguluwe ija anaikola anthu ena m'mbuna, ine sanandiitane. Anzanga ku Mwami akamakamba za mmene anavutikira kuti apatsidwe akazi awo, wina anamanga nkhokwe, wina analima maekala, ine ndimangokhala chete. Ndine mkamwini yekhayo amene ndikumudziwa yemwe anapatsidwa chitengwa kuti asiye kuthandiza.